Kakhadi kakafa, kamapita ndi nkhope za abale athu

Lacitatu lapitali m'mawa ndinakwela minibasi yocokela ku Chimwemwe kupita m'tauni ya Kitwe. Tinali titathinana monga mwa masiku onse, anayi pampando wa anthu atatu, cola pamiyendo, cigongono ca mnzako m'nthiti. Pambali panga panakhala amai ena acikulile, citenge ca kumpingo m'ciuno, foni m'manja. Anali kuizimitsa ndi kuiyatsa, kuizimitsanso, uku akuusa moyo. Potsiliza anakodola kondakita, ndipo pakamwa pao ndinamva kuti ni akwathu kum'mawa: "Mwana wanga, niyang'anileko, cikamba cani ici?" Kondakita, ndalama zili pakati pa zala, anasuzumila kamodzi cabe n'kuyankha m'Cibemba cosakaniza kuti memory card yalema, adine pamene palembedwa kuti Format, zonse zikhala bwino.

Sindidziwa mmene dzanja langa linafikila pa dzanja la amaiwo. Ndinangodzimva ndikukamba kuti, "Amai, conde, osadina." Basi yonse inaceuka. Wina kumbuyo anaseka, ati kansi takwela ndi bwana wa ku ZICTA. Amaiwo anandiuza kuti m'kakhadimo muli zithunzi za amuna ao amene anamwalila caka catha, za mwana wao tsiku limene anavala gauni ku Copperbelt University, ndi za adzukulu kuyambila ali makanda. Kakhadiko kanayamba kusewenza m'kamela ya malemuwo, kenako kanasamuka m'mafoni atatu. Ndinawafunsa ngati zithunzizo zilinso kwina. Anandiyang'ana modabwa: "Kwina kuti? Si zili mu memory?"

Funso la amaiwa ndiye nkhani yanga lelo, cifukwa ndi funso la ambili a ife. Timaganiza kuti cithunzi cikalowa mu memory card ndiye kuti casungidwa. Sicinasungidwe iai. Khadi ili ngati minibasi imene mwakwelayi. Nchito yake ni kunyamula zithunzi kucokela m'kamela kukazitula kunyumba. Palibe munthu amene amasiya mipando ndi mabulangeti ake m'minibasi zaka zisanu n'kumati ndasunga katundu. Koma ndi zimene timacita ndi nkhope za makolo athu ndi ana athu.

Ine ndinaphunzila izi ndi misozi. Zaka zitatu zapitazo mwana wa mlongo wanga anamanga cikwati ku Lubuto, ku Ndola. Amama anabwela kucokela ku Katete, ulendo wa masiku awili, kugona ku Lusaka, m'mawa kukwela ya ku Kopala. Anali ndi zaka 79, ndipo moyo wao wonse sanali kukonda kujambulidwa. Koma tsiku limenelo anavala duku yatsopano, anamanga citenge navina mpaka atsikana anacita manyazi. Madzulo tinaimilila tonse panja pa holo, ana ao asanu ndi mmodzi ndi adzukulu onse, iwo atakhala pakati. Cimwalilile atate tinali tisanakumanepo tonse pamodzi. Tinali titalemba mnyamata wojambula wodziwika m'komboni, wa kamela yabwino, ndipo tinauza alendo kuti asamuchingile ndi mafoni ao. Atajambula anationetsa pakagalasi ka kumbuyo kwa kamela. Amama anaseka, ati, "Uyo nkhalamba ndine?"

Patapita sabata mnyamatayo anabwela kunyumba nkhope ili pansi. Pa kompyuta yake maina a zithunzi onse analipo, opitilila 900. Koma zotseguka zinali zoyambilila cabe: mamotoka akukongoletsedwa, mapoto ali pamoto, mipando yopanda anthu, mkwatibwi akumangidwa tsitsi. Kuyambila pakhomo la chalichi kupita kutsogolo, cithunzi ciliconse cinali kukana. Alamu anga anafuna kumugwila pakhosi, ena anati tipite naye kupolisi. Tinatenga khadiyo kupita nayo kwa katswili wa makompyuta m'tauni. Ataiyesa anatiuza kuti pamwamba palembedwa 64GB koma mkati muli 8GB cabe, ndipo mbali yaikulu inali itadzala kale ndi zithunzi za cikwati cina. Zithunzi zathu sizinafafanizike. Sizinalembedwe n'komwe.

Amama anatisiya patapita miyezi inayi. Cithunzi ca pa pulogilamu ya malilo tinacita kudula pa cina cimene mlendo wina anajambula ndi foni ali patali, nkhope ngati ili m'nkhungu. Pamene tinali kusakila-sakila m'sutukesi yao, tinapeza cithunzi ca atate ca mu 1974. Anabwela ku Kitwe kudzasewenza mu mgodi wa Nkana, ndipo tsiku lina atalandila anavala suti n'kupita ku studio kukajambulitsa. Pepala limenelo lakhala ku Wusakile, lapita ku Katete, lapilila cinyezi ndi mphemvu zaka 50, ndipo mpaka lelo ungawelenge mabatani a jekete. Ca amama, cojambulidwa ndi kamela ya mtengo wapatali m'nthawi yathu ino, kulibe.

Citacitika cimeneco ndinayamba kufunsa-funsa ndi kuwelenga, cifukwa safunsa anadya phula. Zimene ndinapeza si zovuta kumva. M'khadi mulibe filimu. Muli tizipinda tosaoneka ndi maso, mabiliyoni, ndipo kalikonse kamasunga kamphamvu kocepa ka malaiti. Cithunzi canu ni mndandanda wa timphamvu timeneti. Luso limeneli, lochedwa flash memory, analitulukila Fujio Masuoka wa ku kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Khadi ya SD imene ili m'makamela ambili anaigwilizana makampani a Panasonic, SanDisk ndi Toshiba mu 1999, ndipo kang'ono kake ka m'mafoni, microSD, kanabwela mu 2005. Conco cinthu cimene taikizako mbili ya mabanja athu n'camng'ono kwa makondakita ambili amene amatilipilitsa m'basi.

Tizipinda timeneti tili ndi matenda awili. Coyamba, timatha. Nthawi iliyonse imene mulemba ndi kufafaniza, timaperepeseka pang'ono, monga mmene matayala amathela pamseu wa Ndola ndi Kitwe. Caciwili, kamphamvu kaja kamacucha pang'onopang'ono khadi ikangokhala zaka osaisewenzetsa, ndipo kutentha kumafulumizitsa kucuchako. Amene munaika khadi ya cikwati canu m'kabati pansi pa malata otentha a mu October n'kumati tidzaonetsa ana akakula, mwasunga cimanga m'nkhokwe ya anankafumbwe.

Palinso cina cacitatu. M'khadi muli kabuku kamene kamalemba kuti cithunzi cakuti cili pamalo akuti, monga buku la manambala a nyumba ku khansolo. Kamela ikamaliza kujambula imafuna kamphindi kuti ilembe cithunzi ndi kulemba m'kabukuko, ndipo panthawiyo kanyali kakang'ono kamaphethila. Mukasolola khadi kanyaliko kakali kuphethila, kapena batile ikathela pakati, kabukuko kamasokonezeka. Nyumba zonse zilipo, koma manambala asowa. Apa m'pamene kamela kapena foni imakuuzani kuti khadi yaonongeka, icitidwe format. Kambili zithunzi zimakhala zikali momwemo, zikungodikila munthu wodziwa kuzisakila.

Koma cimene cinapha zithunzi za amama ni khadi yabodza, ndipo apa m'pamene mtima wanga umawawa kwambili, cifukwa si ngozi, ni kuba. Pali anthu amene amatenga khadi yaing'ono n'kusintha kaubongo kake kuti izinama. Mukaiika m'kamela imati ndine 64GB kapena 128GB, pamene mimba yake ni ya 8GB. Pamwamba amamatapo dzina la kampani yochuka, paketi yake yowala bwino. Masiku oyamba imasewenza popanda vuto, mpaka mumayamikila kuti munagula mochipa. Malo enieni akadzala siikuuzani. Imapitiliza kulandila zithunzi n'kumazitaya kumphepo, kapena kuzilemba pamwamba pa zakale. Maina amaoneka, zithunzi kulibe. Zotayika mwa njila imeneyi palibe katswili padziko lapansi amene angazibweze.

Nanga munthu angaidziwe bwanji? Ndi maso n'kovuta. Cizindikilo coyamba ni mtengo. Khadi yaikulu imene akugulitsa theka la mtengo wa m'shopu yodalilika, muzidzifunsa kuti wogulitsayo akudyela pati. Koma umboni weniweni ni kuiyesa musanaikemo kanthu. Pali pulogilamu yaulele yochedwa H2testw, ya pa makompyuta a Windows, ndi inzake yochedwa F3. Zimadzaza khadi yonse mpaka pakamwa, kenako n'kuwelenganso kuona ngati zonse zimene zalembedwa zilimodi. Zingatenge ola limodzi kapena angapo, koma bodza limaonekela poyela. Anyamata okonza mafoni ndi a m'ma internet cafe angakucitileni zimenezi. Cenjezo limodzi, kuti tisanamizile anthu osalakwa: khadi yeniyeni ya 64GB imaonetsa pafupifupi 59GB pa kompyuta, cifukwa ca kusiyana kwa kawelengedwe. Kumeneko si kuba. Kuba ni pamene 64 isanduka 8.

Tisaloze cala ogulitsa okha. Nafenso makhadi timawazunza. Khadi imodzi yomweyo lelo ili m'kamela, mawa m'foni ya mwana, mkuja m'wailesi ya dalaiva ikuliza kalindula, kenako m'kompyuta ya pa cafe kukapulinta CV. Makina alionse amalembamo zake, ndipo makompyuta ogwilidwa ndi anthu ambili amakhala ndi mavailasi. Ambili mwaionapo ija imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut, munthu n'kuyamba kulila kuti zonse zapita, pamene zangobisika cabe. Timaika khadi m'thumba limodzi ndi makiyi ndi makoini, timaigwila tumano take twagolide ndi manja a mafuta a vitumbuwa. Ndiye pali malaiti. Tonse tikumbukila 2024, madzi atacepa ku Kariba, mmene tinali kukhalila maola ambilimbili mumdima. Munthu ali pakati posamutsa zithunzi pa kompyuta yopanda batile, malaiti phethe. Ngati anasankha Cut m'malo mwa Copy, angadzipezele yekha mavuto. Nthawi zonse sankhani Copy, tsegulani zithunzi kumene zapita muone kuti zilidi bwino, ndiye pambuyo pake mufafanize.

Manje tinene kuti tsoka lakugwelani, pakuti tsoka silinunkha. Kamela yalemba kuti card error, kapena mwana wadina Delete All. Cinthu coyamba, cacikulu kuposa zonse: lekani. Musajambulenso ngakhale cimodzi, musaikemo nyimbo, musavomele format. Cotsani khadiyo. Ngati ni ija yaikulu ya m'kamela, ili ndi kabatani m'mbali kolembedwa Lock. Katsitseni kuti pasalembedwe kanthu. Cifukwa cake n'cakuti kufafaniza cithunzi nthawi zambili kumangocotsa dzina lake m'kabuku kaja, cithunzi ceniceni cimatsala mpaka cina catsopano citakhala pamalo pake. Cithunzi ciliconse catsopano cimene mujambula cingakhale cikukwilila cakale.

Caciwili, pitani nayo kwa munthu wodziwa, ndipo mumufunse zimene afuna kucita asanayambe. Pali mapulogilamu aulele monga PhotoRec ndi Recuva amene amayenda m'khadi kusakila zithunzi zopanda maina. Wodziwa nchito amatula zimene wapeza pa kompyuta kapena pa flash ina, osati pa khadi yodwalayo. Mukamva akuti "tiyambe taicita format tione," tengani khadi yanu mupite. Ndipo akakupezelani zithunzi, khadiyo ipumitseni. Khadi imene yanama kamodzi idzanamanso, ndipo idzasankha tsiku la cikwati. Cinanso, pokapeleka khadi kwa munthu kumbukilani kuti aona zonse zili mmenemo. Khalani pomwepo pamene akusewenza.

Ndili ndi mau kwa abale athu ojambula, amene timawaona pa ma graduation, pa Trade Fair ku Ndola, pa zikwati, pa cilanga mulilo ndi pamalilo. Nchito yanu ndimailemekeza, ndipo ndidziwa kuti mafoni akulandani makasitomala ambili. Mnyamata amene anajambula cikwati cathu sanali wakuba. Anabweza ndalama zonse, ndipo analila pamodzi nafe. Anafuna kupulumutsa ndalama zocepa pogula khadi, nataya dzina limene analimanga zaka zambili. Kalipentala akaononga thabwa amagula lina. Telala akalakwitsa diresi amasoka ina. Inu mukataya tsiku la munthu, kulibe shopu yogulitsa tsiku limenelo. Conco khadi si pamalo pocepetsela ndalama. Gulani kumene amapeleka lisiti, yesani khadi iliyonse yatsopano, nyamulani makhadi ang'onoang'ono angapo m'malo mwa cimodzi cacikulu, kuti imodzi ikafa isafe ndi mwambo wonse. Makamela ambili a akatswili masiku ano ali ndi malo a makhadi awili, ndipo angalembe cithunzi ciliconse pawili nthawi imodzi. Amene muli nayo yotelo, isewenzetseni. Mukafika kunyumba usiku, musagone zithunzi zikali pa khadi yokha. Ndipo format muzicitila m'kamela momwemo, mutatsimikiza kuti nchito yakale ili pamalo awili.

Ifenso olemba ojambula tiphunzile kufunsa. Timakambilana za mtengo ola lathunthu, koma palibe amene amafunsa kuti, "Muli ndi makhadi angati? Mukacoka pano muzisunga kuti? Mudzazisunga mpaka liti?" Wojambula wabwino sangakwiye ndi mafunso amenewa. Ndipo cija tinacita ife, coletsa alendo kujambula ndi mafoni, musacite. Sankhani wacibale mmodzi kapena awili a mafoni abwino, muwauze kuti pa zithunzi zikuluzikulu za banja nawonso ajambule. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa ogulitsa makhadi abodza, ndi kwa amene ayenela kuwaletsa, mau anga ni awa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Competition and Consumer Protection Act la mu 2010, ndipo bungwe la CCPC ndilo limaliyang'anila. Lamulo limeneli limaletsa kunamiza wogula za cinthu cimene ukumugulitsa, limaletsanso kupacika zikwangwani zolanda wogula ufulu wake, monga zija za No Refund zimene timaziona m'mashopu. Kulemba 64GB pa cinthu ca 8GB ni bodza la poyela, losavuta kulitsimikiza kuposa mabodza ambili a pamsika, pakuti kompyuta imodzi ndi maola ocepa n'zokwanila. Ndipempha a CCPC kuti makhadi ndi ma flash aziwayesa monga mmene amayendela m'mashopu kuona zakudya zotha nthawi. Ndidziwa kuti mnyamata wa pa kathebulo nthawi zambili nayenso sadziwa cimene akugulitsa, anangopikula. Ofunika kuwalondola ni amene amabweletsa makatoni. Koma boma silingalondole mlandu umene palibe anaudandaula. Timaona ngati ndalama ya khadi ni yocepa, timangotukwana n'kuiponya m'ngalande, wogulitsa n'kupitiliza. Pemphani lisiti, sungani paketi, kadandauleni. Mbewa ya manyazi inafela kuuna.

Ndikumva kale wina pampando wakumbuyo akuti, "Imwe a nyuzipepala mukamba monga tonse tili na laptop. Ise ndalama ya bundle yeniyeniyo ni nkhondo." Ni zoona, ndipo sindikutsutsa. Ojambula a kumaiko ena ali ndi lamulo lao lakuti cithunzi cizikhala pamalo atatu, pa zinthu za mitundu iwili, cimodzi cili kutali ndi nyumba. Kwa ife tiyambe ndi pawili. Simufunika kusunga zithunzi 4,000 zonse. Zambili mwa izo ni mbale za nsima, ma screenshot ndi mauthenga a Good Morning a maluwa. Khalani pansi Sondo masana musankhe 30 kapena 50 zimene mungalile zitatayika. Zimenezo ndiye cuma.

Zosankhazo zingasungidwe mochipa. Pali tuzida tung'onotung'ono tolumikiza khadi kapena flash ku foni mwacindunji, popanda kompyuta. Kopelani pa flash, muipeleke kwa mbale wanu wa ku Chifubu kapena ku Chamboli, kuti akuba kapena moto zikalowa m'nyumba imodzi zisamalize zonse, ndipo pakapita zaka ziwili kapena zitatu muzikopelanso pa yatsopano. Amene muli ndi akaunti ya Google, muli ndi malo aulele a 15GB. Koma dziwani zinthu ziwili. Kuyambila mu December 2023, Google inayamba kutseka maakaunti amene akhala zaka ziwili osatsegulidwa. Ndiponso ambili a ife akaunti anatitsegulila mnyamata wa pa shopu tsiku logula foni, password sitiidziwa. Nkhokwe imene kiyi yake ili ndi munthu wosamudziwa si yanu. Lembani password m'buku, muuzeko munthu mmodzi wodalilika. WhatsApp nayo imathandiza, pakuti cithunzi cotumizidwa pa gulu la banja cimakhala m'mafoni ambili. Koma imacifinya kuti cicepe, ndipo pocikulitsa cimaoneka ca mawanga. Zofunika kwambili muzitumiza ngati Document kuti zifike zathunthu.

Koma njila imene ndimaikhulupilila kuposa zonse ni ija ya atate: pepala. Pitani ku studio mukatsukitse zithunzi khumi pa pepala lenileni la zithunzi, osati la mu ofesi limene limafwifwa msanga. Khumi pa caka si ndalama yoposa imene timathela pa talk time mwezi umodzi. Kumbuyo lembani ndi pensulo maina, malo ndi caka, cifukwa mdzukulu wanu sadzadziwa kuti wa cipewa uja ndani. Ziikeni mu album kapena mu envulopu, kutali ndi dzuwa ndi cinyezi. Pepala silifuna password, silifuna chaja, silifunsa format. Likang'ambika pakona, nkhope imatsala. Khadi ikafa imafa yonse tsiku limodzi, osadwala n'komwe.

Nkhaniyi si ya mabanja okha. Mbili ya Kopala timaidziwa cifukwa anthu akale anasiya mapepala ndi mafilimu. Ku Ndola kuli nkhokwe ya zolemba za ZCCM, kumene ophunzila amabwela kucokela kutali kudzawelenga za moyo wa m'migodi. Ndege ya Dag Hammarskjöld inagwa kufupi ndi Ndola mu September 1961, ndipo zithunzi za pamalopo zikali kuonedwa ndi ofufuza mpaka lelo. Ku Lusaka, zithunzi zakale zimene eni ake sanabwele kudzatenga ku Fine Art Studios zinapezeka patapita zaka zambili zili bwino, ndipo Sana Ginwalla anazisonkhanitsa pansi pa dzina lakuti Zambia Belonging. Zonsezo zinapulumuka cifukwa zinali zinthu zogwilika, zimene ngakhale zitaiwalika m'katoni zimadikila. Kamela yoyamba ya digito anaipanga Steven Sasson wa ku Kodak mu 1975, ndipo kucokela pamene makamela otele ndi mafoni anafika m'manja mwathu, tajambula zithunzi zambili kuposa makolo athu onse kuwaphatikiza pamodzi. Koma mwana amene adzafune kuona mmene Chisokone kapena Masala inali kuonekela m'masiku athu ano, mmene tinali kuvalila popita ku Nkana Stadium, adzazipeza kuti? Ndiopa kuti m'badwo wojambula kwambili ndiwo udzasiya zocepa.

Amai a m'basi aja tinatsika nawo m'tauni, ndipo ndinacedwa ku nchito cifukwa cowapelekeza kwa mnyamata wina wokonza mafoni amene ndimamudziwa. Khadi yao inali yeniyeni, yokalamba cabe, kabuku kake ndiko kanasokonezeka. Madzulo ananditumila foni. Zambili zinabwela, zina zocepa zinabwela zoduka pakati. Ca amuna ao atanyamula mdzukulu woyamba cinabwela cathunthu. Ndinawafunsa kuti manje muzacita cani. Anati mwana wao wazikopela kale pa flash, ndipo Cisanu akalandila apita ku studio. "Nifuna nikawapacike pa cipupa," anatelo, "niziwaona nikamadya."

Iwo anacita mwai cifukwa cala cao cinacedwa ndi kamphindi kamodzi. Ife a ku Lubuto mwai umenewo sitinaupeze. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Inu amene mukuwelenga izi muli pa mzele ku KMB kapena mwapanikizika pa windo la basi ya ku Kabushi, tulutsani foni, kapena kumbukilani kamela ija ili m'dilowa. Ganizilani cithunzi cimodzi cimene simungafune kucitaya, mwina ca munthu amene simudzamujambulanso. Dzifunseni kuti cili pamalo angati. Ngati yankho ni amodzi, musadikile kumapeto kwa mwezi. Citumizeni kwa mbale wanu musanafike pa siteshoni yanu.